Manambala Opanda Mayina: Inu a ku Domasi, Mukuwaphunzitsa Chiyani Ana Athu?

Nawa manambala atatu: 2, 9, 4. Ndi magiredi a mwana wa Fomu 4 pa mayeso a MSCE. Inu akuluakulu a zamaphunziro, tiuzeni: mwanayu wakhoza kapena walephera? Simungayankhe. Ngati 9 uja ndi wa Chingerezi, satifiketi palibe, ngakhale maphunziro enawo atawakhoza bwino chotani. Ngati 9 ndi wa Jogalafe, makolo ake angathe kugona tulo. Manambala ndi omwewo, koma tsogolo la mwana lasiyana kutali. Chimene chasowa ndi dzina pa nambala iliyonse.

Olemba mapulogalamu a kompyuta amalimbana ndi vuto limeneli tsiku ndi tsiku. M'zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu muli chinthu chotchedwa tuple, kagulu ka zinthu zingapo zomangidwa pamodzi, chilichonse pamalo pake. Kamalembedwa mwachidule chonchi: (2, 9, 4). Nkosavuta kulemba, ndipo kompyuta siivutika nako. Koma tanthauzo lonse lagona pa ndondomeko ya zinthuzo. Wofuna giredi ya Masamu ayenera kukumbukira yekha kuti ili pamalo achiwiri, ndipo mu Python, momwe kuwerenga kumayambira pa ziro, malo achiwiriwo amaitanidwa ndi nambala 1. Mawa wina akawonjezera phunziro lina kutsogolo, manambala onse amasuntha. Kompyuta siiima, siidandaula, siichenjeza munthu. Imangopitiriza kutulutsa mayankho olakwika, ndipo owalandira amawakhulupirira chifukwa achokera m'makina.

Akatswiri opanga zilankhulozi anatopa nazo zimenezi, ndipo mmodzimmodzi anayamba kulola kuti malo aliwonse mu tuple akhale ndi dzina. Python inabweretsa namedtuple mu 2008, ntchito ya Raymond Hettinger. Olemba C# anakhala zaka akuitana zinthu zawo kuti Item1, Item2, Item3, mpaka kampani ya Microsoft inalola mayina enieni mu 2017. Julia inachita chimodzimodzi mu 2018, TypeScript mu 2020, Dart mu 2023. Scala, yomwe kwa zaka pafupifupi makumi awiri inkangoti _1 ndi _2, inayamba kuyesa mayina mu 2024 n'kuwakhazikitsa mu 2025. Swift ya kampani ya Apple inabadwa nawo kale mayinawo mu 2014. Lero munthu angathe kulemba kuti chingerezi=2, masamu=9, jogalafe=4, ndipo wobwera pambuyo pake sadzafunika kulosera.

Magulu amenewa ndi opikisana, ndipo pa zinthu zambiri samvana. Koma pa mfundo iyi anafika pa chiganizo chimodzi: pulogalamu imalembedwa kamodzi, koma imawerengedwa ndi anthu kambirimbiri, ndipo nambala yopanda dzina imasokeretsa woiwerenga. Nzeruyi si yatsopano ayi. COBOL ya mu 1959 inkapatsa kale dzina gawo lililonse la kaundula. Pascal ya Niklaus Wirth ya mu 1970 inali ndi record. Chaka chomwecho Edgar Codd wa ku IBM, poyala maziko a nkhokwe za m'kompyuta zomwe mabanki ndi maboma akugwiritsa ntchito lero, ananenetsa kuti munthu asamasenzetsedwe mtolo wokumbukira ndondomeko ya mizati, koma aziitana mzati uliwonse ndi dzina lake.

Nanga bwanji tikuloza chala inu a ku Domasi? Chifukwa zimene mwana wa ku Chitipa kapena wa ku Nsanje adzaphunzire zimayambira m'chigwa chimenechi, m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa. Amishoni a ku Scotland anatsegula sukulu kuno m'zaka za m'ma 1880. Sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi, inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Malawi Institute of Education (MIE), yomwe imalemba masilabasi ndi kuunika mabuku a m'sukulu, yakhala ikugwira ntchito pano kuyambira 1982. Domasi College of Education yakhala ikusula aphunzitsi a ku sekondale kuyambira 1993. Mukatsata msewu wa M3 kulowera m'tauni ya Zomba mupeza MANEB, eni mayeso, ndiponso University of Malawi, komwe kuli dipatimenti ya sayansi ya makompyuta. Olemba silabasi, ophunzitsa aphunzitsi, olemba mayeso ndi akatswiri a makompyuta muli m'boma limodzi, pamtunda woti minibasi imatha m'kanthawi kochepa.

Ndiye tikufunseni. Munakhalapo pansi pamodzi kukambirana za mwana amene mukufuna atuluke m'kalasi ya Computer Studies? Mukufuna mwana wodziwa kutsegula ndi kutseka makina, kapena wodziwa kuganiza mwadongosolo? Akamaliza Fomu 4, angathe kufotokoza chifukwa chake kaundula wa sukulu yake ali ndi mitu pamwamba pa mzati uliwonse? Angathe kuona kuti mitu imeneyo ikachoka, kaundulayo wasanduka mulu wa manambala? Nanga mphunzitsi amene mwamupatsa dipuloma, analembapo pulogalamu imene mnzake anaiwerenga n'kuimvetsa popanda kumufunsa? Munamuyesa pa zimenezi, kapena munangomuyesa kuloweza matanthauzo?

Silabasi ya ku sekondale yomwe inalowa m'masukulu mu 2015 inalembedwa C# isanalandire mayina mu tuple, TypeScript isanatero, Dart isanatero. Palibe amene akukudzudzulani chifukwa chosalosera zam'tsogolo. Funso ndi lakuti: kuyambira pamenepo, ndani mwa inu amene ali ndi udindo wotsatira mmene lusoli likusinthira? Ali ndi ofesi? Amalemba lipoti kwa yani? Aphunzitsi amene ali kale m'makalasi, amawaitananso liti kuti awanole? Kapena mwaganiza kuti phunziro la makompyuta lili ngati Mbiri, yoti zimene zinachitika zinachitika basi?

Mwina muti izi ndi zazing'ono, zoyenera akatswiri a ku Zurich ndi California. Tiyeni tikhale konkuno. Domasi ali pafupi ndi madigiri 15.3 kummwera kwa equator ndi 35.4 kummawa. Pa Google Maps mumayamba kulemba latitude, kenako longitude. Mu GeoJSON, njira yomwe mapulogalamu ambiri a mapu amasungira malo, ndondomeko ndi yotembenuza, longitude ndiyo imayamba. Wolemba pulogalamu akasokoneza manambala awiriwa, Domasi amapezeka pakati pa nyanja ya Atlantic, kumpoto kwa chilumba cha Madeira. Pamenepo cholakwa chimaoneka msanga chifukwa nchachikulu. Nanga chikakhala chaching'ono?

Pitani ku National Aquaculture Centre, komwe amaswetsa makumba ndi chilunguni oti alimi akaike m'madamu awo. Woyeza madzi a m'damu amalemba kutentha, pH ndi mpweya wa oxygen. Tiyerekeze kuti walemba (26, 7, 5). Ngati 7 ndi pH ndipo 5 ndi mpweya, madzi ali bwino. Akatembenuka manambala awiri otsirizawo, pH ya 5 ikutanthauza madzi a asidi omwe nsomba sizikulamo bwino, ndipo mlimi auzidwa kuti athire laimu m'damu lomwe silinali ndi vuto. Manambala onsewo ndi otheka, choncho palibe diso limene lingagwire cholakwacho. Pitaninso kusikelo ya ana. Mwana wa miyezi 7 wolemera makilogalamu 9 ndi wathanzi. Wa miyezi 9 wolemera makilogalamu 7 ndi woti azaumoyo amuyang'anitsitse. Mu tuple yopanda mayina, ana awiriwa amasiyana ndi kutembenuka kwa dzanja kamodzi kokha.

Izi nzazing'ono? Kwa yani? Kwa mayi amene wauzidwa kuti mwana wake ali bwino pomwe akunyentchera? Kwa mlimi wa mpunga pa sikimu ya Domasi amene matumba omwe anakolola alembedwa pamalo a matumba omwe ali nawo ngongole? Kwa mwana amene giredi yake yalowa pa phunziro lina? Mayi wopita kuchigayo amalemba dzina pathumba lake chifukwa akudziwa kuti matumba amafanana. Nzeru imene mayiyu ali nayo, ingakanike kulowa m'silabasi yanu?

Muti tilibe makompyuta. Nzoona kuti masukulu ambiri a CDSS alibe makina okwanira, ndipo ena alibe ndi magetsi omwe. Nchifukwa chake Computer Studies ndi phunziro lochita kusankha, ndipo ana ambiri amamaliza sekondale osalilawa. Koma chowiringula chimenechi sichikugwira pano. Kuphunzitsa mwana kuti chinthu chilichonse m'kaundula chikhale ndi dzina, mtundu wake ndi muyezo wake kumafuna bolodi ndi choko. Mphunzitsi alembe manambala atatu, afunse kalasi tanthauzo lake, ana akangane, kenako alembe mayina. Phunziro latha, ndipo ESCOM sanafunikepo. Python ndi yaulere, siifuna laisensi, imayenda pa kompyuta yakale ngakhalenso pa foni. Ndiye chikukuletsani nchiyani? Ndi ndalama, kapena palibe amene anaganizapo?

Ndipo makinawo akubwera, kaya mwakonzeka kaya ayi. Kuyambira 2023 pulogalamu ya BEFIT ikuika matabuleti m'masukulu a pulayimale. MACRA, kudzera m'thumba la Universal Service Fund, yakhala ikumanga zipinda za makompyuta m'masukulu ena a sekondale. Ana a Sitandade 1 akuphunzira kuwerenga pogwiritsa ntchito mapulogalamu olembedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain. Zimenezi nzabwino. Koma ana amenewa akadzafika ku sekondale, adzapeza mphunzitsi wotani? Adzakhala ongodina zimene ena analemba mpaka liti? Malawi 2063, yomwe boma linaikhazikitsa mu 2021, ikulonjeza dziko lodzidalira ndi lotsogola pa luso lamakono. Kudzidalirako kudzachokera kuti ngati mapulogalamu onse a m'sukulu, m'chipatala ndi m'maofesi a boma tidzingowalandira atamangidwa kale?

Muti vuto ndi Chingerezi, ana athu sachimva bwino. Apa mpamene mayina mu tuple akuyenera kukusangalatsani koposa. Mawu a chilankhulo cha pulogalamu enieniwo ndi ochepa, mu Python sakwana makumi anayi. Ena onse amasankha ndi wolemba. Mwana angathe kulemba mlimi.dzina, mlimi.mudzi, mlimi.matumba, ndipo kompyuta iwalandira osafunsa. Kuyambira Python 3 ngakhale chilembo cha ŵ nchololedwa m'mayina. Mwana wa ku Songani amene amachita mantha akaona x, y ndi z angathe kuwerenga pulogalamu yonena za munda wa kwawo m'mawu a kwawo. Buku lotere lili kuti? Inu a MIE, omwe mwasindikiza mabuku a Chichewa kwa zaka zambiri, mwayesapo kulemba ngakhale mutu umodzi wa mapulogalamu wokhala ndi zitsanzo za mpunga, nsomba ndi sikelo? Ngati simunatero, mukudikira kuti adzakulembereni ndani?

Tisanamizane kuti dzina limachiza zonse. Mphunzitsi wabwino ayenera kudziwanso malire ake. Mu TypeScript mayinawo ndi othandiza wowerenga basi, pulogalamu ikamayenda sakhalaponso. Mu C# nawonso amagwira ntchito pa nthawi yomasulira pulogalamu, pansi pake pakadali Item1 ndi Item2. Mu Python namedtuple ikadali tuple: mungathe kuitanabe zinthu zake ndi nambala, ndipo ma namedtuple awiri a mitundu yosiyana, wina wa magiredi wina wa mitengo ya nsomba, kompyuta imati ndi ofanana ngati manambala ake ali ofanana. Nchifukwa chake Python inawonjezera dataclass mu 2018, ndipo Java inakhazikitsa record mu 2021, kuti chinthu chofunika chikhale ndi mtundu wakewake. Kudziwa nthawi yogwiritsa ntchito tuple wamba, nthawi yomupatsa mayina ndi nthawi yomusiyiratu ndi luso lenileni la ntchitoyi. Ndani akuphunzitsa luso limeneli pa koleji yanu? Analiphunzira kuti, ndipo analigwiritsapo ntchito?

Dzina losakwanira nalonso limapweteka. Kulemba kuti munda=2 sikunathandize. Maekala awiri kapena mahekitala awiri? Mlimi amayankhula za maekala, mlangizi ndi mafomu a boma kawirikawiri amanena za mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Wowerengera feteleza akasokoneza miyezo iwiriyi, mlimi athira wochepa kwambiri kapena wochuluka mowononga. Mu September 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ya gulu lina inkatulutsa manambala m'miyezo ya ku America pomwe gulu linzake linkawawerenga ngati a metric. Amenewo anali akatswiri okhala ndi zida zonse. Ngati iwo anagwa pa nambala yosafotokozedwa bwino, ife tikudalira chiyani? Mwana aphunzire kulemba munda_maekala, kulemera_kg, tsiku_mwezi_chaka, mpaka chikhale chizolowezi. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Chimene chikutidetsa nkhawa nchakuti moyo wa Mmalawi uli kale m'makina. Mu 2017 NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa zitupa za unzika. Chitupa chomwecho ndicho chimatsegula SIM kadi, akaunti ya kubanki ndi mwayi wogula feteleza wotsika mtengo. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo. Zotsatira za mayeso, malipiro a aphunzitsi, mayina a olandira mtukula pakhomo, zonse zimadutsa m'mapulogalamu. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo dziko lonse linaona zimene zimachitika makina a boma akaima. Chaka chomwecho lamulo la Data Protection Act linabwera kudzateteza zimene zimalembedwa za munthu aliyense. Lamulo lilipo. Nanga anthu oti atsegule mapulogalamuwo, awawerenge ndi kuona ngati zinthu zikulowa pamalo ake, mukuwasula kuti? Ndi angati pa chaka? Wolemba woyamba akachoka kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi, wotsala adzapeza mayina omveka kapena adzapeza manambala oti alosere?

Musanene kuti Amalawi sangathe. Ku Lilongwe, bungwe la Baobab Health linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuika makompyuta odina pagalasi ku Kamuzu Central Hospital, ndipo achinyamata a konkuno ndiwo analemba ndi kusamala mapulogalamu omwe anafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana olemba mapulogalamu m'dziko muno lusoli analipeza ku yunivesite, pa ntchito, kapena podziphunzitsa okha usiku ndi bandulo ya intaneti yogula ndi ndalama ya m'thumba. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi njira yoti lifikire mwana wa pa CDSS amene sadzapondako ku University of Malawi kapena ku MUBAS. Njira imeneyo imadutsa pa Domasi, m'manja mwanu.

Inu a MANEB, mafunso anu ndiwo amalamula zimene mphunzitsi amaphunzitsa. Mukafunsa matanthauzo oloweza, kalasi idzaloweza. Bwanji osampatsa mwana mndandanda wa manambala opanda mitu n'kumufunsa kuti atchule zoopsa ziwiri zimene zingachitike? Bwanji osamuuza kuti akonze kaundula wa alimi a pa sikimu, apatse gawo lililonse dzina ndi muyezo? Funso lotere limayankhidwa ndi pensulo. Mwana wa kusukulu yopanda magetsi angalikhoze mofanana ndi wa ku Blantyre. Mukuopa chiyani, kuti oyika malikisi avutika? Nanga iwowo si aphunzitsi omwe anadutsa pa koleji yomweyi?

Inu a ku Unduna wa Zamaphunziro, mumakonda kudula maliboni pa zipinda zatsopano za makompyuta. Mumabwererakonso patapita chaka kukaona chimene chikuphunzitsidwamo? Mumafunsa kuti mphunzitsi wa m'chipindamo anaphunzira makompyuta, kapena ndi wa Masamu amene anangopatsidwa makiyi? Mumadziwa kuti ndi masukulu angati amene analembetsa ana pa Computer Studies chaka chatha, ndipo ndi angati mwa anawo anali atsikana? Ngati ziwerengerozo muli nazo, bwanji simuzitulutsa kuti makolo azione? Chete wanu pa nkhaniyi akupweteka ana amene alibe powafunsira.

Zimene tikupempha nzotheka chaka chino. A MIE, ikani m'silabasi, kuyambira Fomu 1, mutu wa kakonzedwe ka kaundula: dzina, mtundu ndi muyezo wa chinthu chilichonse, wophunzitsika ndi choko komanso ndi makina. Lembani zitsanzo za m'chigwa chanu chomwechi ndipo lolani mayina a Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka m'mapulogalamu a ana. A ku koleji, mphunzitsi wa makompyuta asatuluke pa geti panu asanalembe pulogalamu imene mnzake waiwerenga, waimvetsa ndi kuikonza mwini wake palibe. Itanani aphunzitsi a ku University of Malawi ndi achinyamata amene akugwira ntchitoyi m'makampani kuti adzaone zimene mukuphunzitsa, ndipo mumve zimene anene. A MANEB, ikani funso limodzi lotere pa pepala la mayeso. A ku Unduna, tulutsani ziwerengero, ndipo mutiuze dzina la ofesi imene tiziifunsa nkhaniyi ikapanda kuyenda.

Ana amene ali mu Fomu 1 lero ndiwo adzasunge kaundula wa penshoni yanu, mankhwala anu ndi malo anu. Mukufuna adzagwire ntchito imeneyo ataphunzitsidwa, kapena akuyerekeza? Yankhani poyera, ndipo mutchule tsiku limene muyambe.